Kamera M'chitenje, Mabatire M'khwapa

Ana anga, nonse mwandifunsapo kuti mayi ali pa kachithunzi kakang'ono ka pabalaza, pakati pa chithunzi cha ukwati wa Pilirani ndi cha ubatizo wa adzukulu, ndi m'bale wathu wa mbali iti. Ndakhala ndikuyankha kuti ndi wa kuntchito. Yankho limenelo ndi loona koma ndi lalifupi. Tsopano poti ndapuma pantchito ndipo dzanja likadagwira cholembera, ndati ndilembe zonse, kuti mudziwenso chifukwa chake pakhoma limenelo palibe bambo anu.

1992, Balaka

Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndiye ntchito ya muofesi sindinkailota n'komwe. Chaka cha chilala chija bungwe lina lothandiza anthu pa njala linatsegula malo osungira chimanga pafupi ndi njanji, ndipo linkafuna amayi osoka matumba. Chimanga chake chinali chachikasu, chochokera kunja, ndipo matumba ambiri ankafika atang'ambika. Ife tinkasesa chotayika, kupeta, kuthira m'thumba lina, n'kusoka ndi singano yaikulu mpaka zala kuchita matuza. Bwana wathu anali a Namacha, bambo wamfupi wosakonda kuseka. Poweruka ankaima pakhomo kuti aliyense akutumule chitenje, ndipo ankayamba ndi iwo eni kutembenuza matumba a buluku lawo, choncho panalibe wodandaula. Njala itatha amayi ena anabwerera kwawo, koma ine ananditsalitsa kuti ndizisesa muofesi ndi kuphika tiyi, poti ndinkakhala pafupi. Tsiku loyamba ndinanyamula makina otayipira ndi dzanja limodzi kuti ndipukute tebulo. A Namacha anadzuka pampando n'kunena kuti, "Mayi Chipala, chinthu cha ofesi chimagwiridwa ndi manja awiri, ngakhale chikhale cholembera." Ndinaseka mumtima, koma mawu amenewo ndinayenda nawo mpaka tsiku lopuma.

2001, Ulongwe

Anandisamutsira ku Ulongwe kumene bungwe linatsegula ofesi yaing'ono ya zipinda ziwiri. Bambo anu anasamutsa ntchito yawo yokonza njinga n'kuiika pansi pa mtengo pafupi ndi poimira maminibasi. Bwana wa kumeneko anali Mayi Kalonga, mtsikana wophunzira kwambiri, woyankhula mothamanga ngati akuthawa mvula, koma wamtima wabwino. Ofesiyo inkasowa chilichonse. Mapepala tinkalemba mbali zonse ziwiri, tiyi tinkamwa wopanda shuga, ndipo galimoto inkatha sabata itaima chifukwa cha mafuta. Dalaivala wathu Che Mussa ankaitsukabe m'mawa uliwonse, amvekere galimoto yauve ikaima anthu amati yafa.

Chakumapeto kwa chakacho njala inalowa. Inu akuluakulu mukukumbukira mango osapsa ophika ndi phala la madeya. Bambo anu anayamba kutsokomola, ndipo chakudya chochepa chomwe chinalipo ankakankhira kwa inu, n'kumanama kuti adya kale kumsika.

Chaka chatsopano chitalowa, akuluakulu a bungwe ku Blantyre analamula kuti khadi lililonse lolandirira chimanga likhale ndi chithunzi cha mwini wake, chifukwa ena ankalembetsa mayina awiri pamene anzawo alibe ndi limodzi lomwe. Anatitumizira kamera ya mtundu watsopano, yosafuna filimu. Inkadya mabatire anayi ngati a wailesi yaing'ono, kumbuyo kwake kunali kagalasi koonerapo chithunzi nthawi yomweyo, ndipo zithunzi zinkasungidwa m'kakhadi kolowetsa m'mbali. Timakhadi tinali tiwiri. Kena kankalowa zithunzi zambiri, ndipo kakadzaza kankapita ndi lole ku Blantyre n'kubwerako kopanda kanthu. Kenako kankalowa zochepa, ndipo kankangokhala m'chikwama cha kamera kudikira tsiku la mavuto. Kompyuta ku Ulongwe kunalibe.

Tsiku limene kamera inafika, bambo anu anali pakhonde pa ofesi akukonza njinga ya bungwe. Mayi Kalonga, pofuna kuyesa, analowetsa kakhadi kakang'ono kaja n'kuwajambula atagwira sipanala, malaya ali ndi oilo, akuseka. Atawaonetsa pa kagalasi anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ndiye ndaonda chonchi, make Pili? Bwanji osandiuza?"

Chithunzi china cha iwo panalibe. Cha ukwati wathu chinadyedwa ndi chiswe tidakali ku Balaka. Mayi Kalonga analonjeza kuti akadzapita ku Blantyre adzakachitsukitsa, koma ntchito ya njala inawapanikiza ndipo ulendowo sunachitike. Bambo anu anatisiya mvula ikutha.

Nditabwerera kuntchito ndi nsalu yakuda, Mayi Kalonga anandipeza tsiku lina nditaima pafupi ndi kabati ya kamera, tsache lili m'manja. Anatulutsa kamera, anandionetsa polowetsa mabatire, polowetsa kakhadi, batani loyatsira, loonera zithunzi, ndi lofufutira limene anati ndisaliyandikire. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndikatha kusesa ndinkalowetsa kakhadi kakang'ono kaja, kuyatsa, kuwaona bambo anu pang'ono, n'kuzimitsa. Umu ndi mmene ndinaphunzirira kamera.

June 2002, Nsanama

Wojambula wathu anali kalaliki, a Jere, ndipo ntchito ankaigwira bwino. Vuto linabuka titafika ku midzi ya kupitirira Nsanama, cha kunyanja ya Chiuta. Kumeneko njala ndi kolera zinatenga abambo ambiri, makamaka asodzi, ndipo akazi awo anali pa eda. Umenewu ndi mwambo wa anzathu achisilamu: mkazi akaferedwa amakhala pakhomo miyezi ingapo, osapita pagulu, osaonana ndi mwamuna wachilendo. Amayiwo sakanabwera pabwalo la sukulu pamene a Jere ankajambulira, ndipo a Jere sakanalowa m'mipanda yawo. Ku Blantyre anati wopanda chithunzi alibe khadi, ndipo zithunzi zonse za dera limenelo zipite ndi lole ya kumapeto kwa sabata. Mayi Kalonga anakambirana ndi mashehe, ndipo anagwirizana kuti wamkazi akhoza kulowa n'kujambula, ndipo chimanga azidzawatengera achibale awo poonetsa khadilo. Koma bwanayo ankafunika kudera lina kumene kugawa kunali kutayamba kale. Wamkazi wina muofesi munalibe, kupatula ine.

Ndinawauza kuti ine kamera ndimaidziwa kuonera munthu mmodzi basi. Iwo anati kujambula ndi batani limodzi lokha, ndipo amayi amenewo adzamasuka ndi munthu wovala chakuda ngati ine kuposa wina aliyense. Anandiyesetsa pa Che Mussa mpaka mutu wawo unasiya kudukira pamwamba, kenaka anatipatsa mafuta owerengeka n'kutiuza kuti tipite.

Sabata imeneyo kunagwa chiperoni. Dzuwa silinkaoneka, kamvula kosamveka kankangonyowetsa juzi, ndipo mphepo yochokera kudambo inkaluma makutu. Che Mussa ankaimika galimoto patali ndi nyumba, ine n'kuyenda ndekha ndi mayi wa m'mudzimo wondilondolera. Panyumba yoyamba ndinakhazika mayi wamasiye pampando, ndinagwira kamera ndi manja awiri, ndinayatsa. Diso la kamera linatuluka, kachizindikiro kofiira kanaphethira, diso n'kubwerera. Ndinaika mabatire ena atsopano, zomwezo. Ndinabwerera kugalimoto ndikuganiza kuti ndawononga katundu wa bungwe. Che Mussa anaitembenuzatembenuza n'kunena kuti za kamera sadziwa, koma batire la galimoto yawo nalonso limachita ulesi m'mawa wozizira chonchi.

Ndinaganiza kuti ngati vuto ndi kuzizira, mankhwala ake ndi moto. Panyumba yachiwiri ndinalowa m'khitchini momwe ankawiritsa masamba a chinangwa, n'kuyandikiza kamera kumoto. Inayakadi. Koma chithunzi chinatuluka choyera ngati munthu waima kuseri kwa ufa, chifukwa diso lija linachita nkhungu litangochoka pozizira kulowa munthunzi. Ndinapukuta ndi chitenje, nkhungu inabwereranso. Mayi wa panyumbapo, wachikulire, anasuzumira pa kagalasi, anadziona ngati mzukwa, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. Mwana wake anandinong'oneza kuti aka n'koyamba kuseka chichitikireni maliro. Atatha kuseka anandifunsa kuti chimene chikumva chisanu kwenikweni n'chiti, chonsecho kapena timiyala tam'katito. Ndinati timiyalato. Anatambasula dzanja, ndinamupatsa, anaika tiwiri m'khwapa lina, tiwiri m'khwapa lina, n'kufumbata mikono.

"Moto umafulumira," anatero. "Khalani pansi, mundiuze za amuna anu."

Ndinakhala pamkeka, kamera nditaikulunga m'chitenje pamiyendo. Ndinamuuza za bambo anu, iye anandiuza za ake, amene anapita kunyanja m'mimba muli zii n'kubwerako atanyamulidwa. Titatha tinatuluka kukhonde la kuseri, m'kati mwa mpanda, kumene kunali kuwala. Anatulutsa mabatire ali ofunda, ndinalowetsa, ndinayatsa. Kachizindikiro kanali kobiriwira, diso linali loyera. Chithunzi chinatuluka chooneka mpaka makwinya a pamphumi.

Kuchokera pamenepo ndinapeza kagwiridwe kanga ka ntchito. Poyenda, mabatire ankakhala m'khwapa kapena m'kamisolo, kamera nditaimangirira pachifuwa ndi chitenje m'kati mwa juzi. Ndikafika pakhomo sindinkathamangira kujambula. Ndinkapereka moni, "Ajimwiche uli," poti Chiyao changa chinkathera pomwepo, n'kukhala pansi kupepesa maliro monga munthu amachitira. Nthawi imeneyo ndi yomwe kamera inkafuna kuti izolowere mpweya wa pamalopo, ndipo mayiyo ankakhala atafumbata mabatire. Kenaka kukhonde, mpango aukonze, ndilowetse mabatire, ndijambule kamodzi, ndione kamodzi, nditulutse. Mbiri inatsogola m'midzi. Ndinkapeza amayi atakweza kale mkono kudikira timiyala. Che Mussa akandiona ndikubwera ndi chotupa pachifuwa ankafunsa ngati mwanayo wayamwa, ine n'kuwayankha kuti wayamwa koma bambo ake ndi aulesi, amangokhala m'galimoto.

Koma kuchita choncho kunkadya nthawi, ndipo tsiku loyamba lija linali litapita pafupifupi lonse pachabe. Pofika tsiku lomaliza kakhadi kakakulu kanadzaza dzuwa lisanafike pamutu. Ndinafufuta zithunzi zonse za nkhungu, ndinajambula ena, kanadzazanso. Ndinalowetsa kakang'ono kaja. Nditayatsa ndinawaona bambo anu ndi sipanala yawo, ndinawapitirira, n'kupitiriza ntchito. Mabatire onse anali atatopa. Ngakhale ofunda ankangopereka mphamvu ya chithunzi chimodzi kapena ziwiri, kenaka kofiira.

Madzulo, tikuti tamaliza, mayi wondilondolera anati kwatsala nyumba imodzi kutsidya kwa dambo. Tinawoloka madzi ozizira ofika m'mawondo. Kumeneko ndinapeza Abiti Daudi, mtsikana wamng'ono kwa ine, ali ndi ana atatu. Wamng'ono anali atakhala panja kudikira dzuwa lomwe kunalibe, mapazi otupa, tsitsi lofiira lonyololoka. Aliyense amene anaona njala ija akudziwa tanthauzo la mapazi otero. Pamoto panali mphika wa madzi okha, kuti ana aziona ngati kukuphikidwa kanthu.

Tinachita zonse mwa dongosolo lake. Nditadina batani, kamera inakana, n'kulemba mawu achingerezi amene ndinali nditawadziwa tsopano: malo atha. Ndinayang'ana zithunzi zonse za m'kakhadiko kufuna choipa choti ndifufute. Panalibe. Nkhope iliyonse inali khomo la anthu, ndipo ndinkadziwa dzina la mwamuna aliyense amene anachoka pamakomo amenewo. Ndisanafike kumapeto kamera inazima.

Ndinawoloka dambo kubwerera kwa Che Mussa kukafunsa ngati tingabwerenso mawa ndi kakhadi kena. Anati mafuta atsala ongotifikitsa ku Ulongwe, lole inyamuka m'mamawa, ndipo timakhadi tonse tiwiri tiyenera kukwera. Kenaka anandiyang'ana. Iwo analipo tsiku lija pakhonde, ankadziwa chimene chili m'kakhadi kakang'ono. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Mayi, pamenepa ine sindingakuuzeni chochita. Mukati tinyamuke, sindidzauza munthu kuti kunali nyumba ina." Ndinaganiza kuti kakhadi kakapita ku Blantyre ndi bambo anu momwemo, mwina wina adzawatsuka pamodzi ndi enawo, ndipo inu mudzakhala ndi nkhope yoti muzionetsa ana anu. Ndinaganizanso za mapazi aja. Ndinawolokanso.

Mabatire tinagawana, awiri m'khwapa mwanga, awiri mwa Abiti Daudi, ndipo tinakhala nthawi yaitali kuposa kwina konse, chifukwa ndinkadziwa kuti mphamvu yatsalayo iyenera kukwanira zinthu zitatu: kuona, kufufuta, ndi kujambula. Ndinamufotokozera zonse, mayi wondilondolera akumasulira. Anapukusa mutu.

"Iyayi, mama. Musatero. Ine wanga ndilibe chithunzi chake, ndikudziwa mmene zimawawira."

Ndinamuuza kuti amuna anga anali munthu wokankhira ana mbale yake, ndipo akanakhala pano sakanadikira kuti ndiwafunse. Ndinangomupempha chinthu chimodzi, kuti awaone kaye, kuti tikhale awiri owakumbukira mmene analili pamenepo. Anazengereza, poti inali nkhope ya mwamuna ndipo iye anali pa eda, koma anasendera pafupi. Ndinalowetsa mabatire. Bambo anu anatulukira, akuseka.

"Anali ndi mpata kumano," anatero Abiti Daudi.

"Anali nawo."

Ndinadina batani lija anandiletsa Mayi Kalonga. Kamera inafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinavomera. Kenaka ndinaimirira, ndinagwira ndi manja awiri monga ananenera a Namacha, ndinamuuza kuti akweze chibwano. Ndinadina. Chithunzi chinaonekera kanthawi kochepa, chabwino, maso ali mbee, kofiira n'kuphethira, kamera n'kuzima. Sinayakenso mpaka ku Ulongwe.

August 2002

Mayi Kalonga atamva analowa m'chipinda chawo n'kutseka chitseko. Atatuluka maso anali ofiira, ndipo anayamba kupepesa za ulendo wa ku Blantyre uja. Ndinawauza kuti asadzivutitse, chithunzicho chinagwira ntchito yake.

Makhadi anabwera onse. Panalibe ndi limodzi lomwe lobwezedwa chifukwa cha chithunzi choipa. Tsiku logawa ku Nsanama ndinapita nawo, ndipo amayi ena anali atamaliza eda, anabwera okha. Atandiona ndikutsika m'galimoto, mmodzi anakweza mkono n'kuloza m'khwapa, ndipo bwalo lonse la amayi linaphulika ndi nthungululu. Abambo ankangoyang'anana, osadziwa chimene chikuseketsa akazi awo. Ine ndinaima pambali pa lole kuwerenga nkhope, osati manambala. Thumba lililonse likatsika ndinkadziwa khonde limene likupita. La Abiti Daudi anasenza mchemwali wake, ndinaliperekeza ndi maso mpaka linakhota kuseri kwa mzikiti.

Chaka chisanathe bungwe linandichotsa pa tsache n'kundipatsa kamera kuti ikhale ntchito yanga. A Jere ndi amene anandiphunzitsa zotsala, moleza mtima, ndipo ankati akapita kumidzi ya kuphiri m'mawa nawonso amaika mabatire m'khwapa, kungoti amachita mobisa.

2005

Njala itabweranso, maofesi a Balaka ndi Machinga anali ndi makamera angapo, atsopano, a timakhadi tolowa zithunzi zosawerengeka. Anandituma kuphunzitsa amayi amene ankalembedwa kuti azijambula m'midzi. Za mabatani ankazigwira msanga kuposa ine. Chimene ndinkalimbikira chinali china. Kamera isachoke pozizira n'kulowa pamoto. Mabatire akhale pathupi. Ukafika pakhomo la namfedwa khala pansi kaye, umve dzina la amene anapita, chifukwa kamera ikufuna nthawi imeneyo ndipo mwini khomo akuifunanso. Mtsikana wina anafunsa ngati zimenezi zinalembedwa m'buku la kamera. Ndinamuuza kuti buku sindinaliwerenge, anandiphunzitsa ndi mayi wina wa ku Chiuta amene dzina lake ndinalemba pakhadi koma ndaliiwala, ndipo zimandipweteka kuti ndinaliiwala.

Chaka chimenecho, tikulemba mayina ku Nsanama, mayi wina anatuluka pamzere n'kundigwira dzanja. Sindinamuzindikire chifukwa anali atanenepako. Kumbuyo kwake kunali ana atatu, wamng'ono atavala yunifolomu ya sukulu, akukankhana ndi mkulu wake. Ndinayang'ana mapazi ake ndisanayang'ane nkhope. Anali mapazi a mwana wamba, afumbi, okhala ndi chilonda cha mpira pachala.

Abiti Daudi anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa khadi lakale lija, lokutidwa bwino m'pepala la pulasitiki. Anati mayina atsopano akulembedwa, lakaleli latha ntchito, ndipo wakhala akulisunga kuti adzandipatse. Ndinakana, ndinati ndi nkhope yake. Anandifumbatitsa m'manja.

"Malo amenewa anali a amuna anu, mama. Ine ndinangobwereka."

Ndinadula chithunzicho bwinobwino n'kuchigulira felemu ku Balaka. Ndi chimene chili pabalaza. Ndajambula anthu ambiri m'zaka zanga za ntchito, mabwana, alendo ochokera kunja, ngakhale maukwati anu, koma chimenecho ndi chomwe ndimanyadira. Ndikadzapita mudzagawane zina zonse mmene mungafunire, koma chimenechi chisadzachoke pakati pa zithunzi za banja. Adzukulu akadzafunsa kuti agogo aamuna ali pati, mudzaloze pomwepo, mudzawauze kuti anali pamenepa atagwira sipanala, akuseka, ndipo anasunthira mayi uyu kuti ana ake adye.